Sukulu Yanga Inali pa Kaliyala

Njoka sindinaziphunzire m'buku.
Ndinaziphunzira pa kaliyala wa njinga yanga,
pa msewu wa fumbi wopita ku Mwami,
munthu akubuula kumsana kwanga,
ine ndikulimbana ndi chitunda, mwezi utakana kutuluka.

Woyamba anali Zelesi.
Anatuluka usiku, tochi ayi, nsapato ayi,
kukaanula chitenje chimene anachiiwala pa chingwe.
Mphiri sithawa, abale.
Imagona panjira ngati inagula malowo,
yonenepa, yaifupi, msana wa masamba ouma,
imangofufuma, kupuma ngati tayala lobooka,
ndipo chenjezo lake ndi lomwelo basi.
Pofika pa geti, mwendo unali mtondo.
Amalume ake anali atamanga lamba pamwamba pa bondo,
atatemanso ndi lezala.
Namwino anatiyang'ana tonse, mmodzimmodzi:
"Mwamuonjezera bala.
Musamamange, musamateme, musamayamwe.
Azikhala chete, mubwere naye msanga."
Mawu amenewo ndimayenda nawo
m'thumba limodzi ndi pampu.

Wedisoni, wa giredi sikisi,
anasuzumira m'khola kufuna mazira.
Anapeza khosi latambasuka ngati chikhatho,
malovu thoo! m'diso.
Mayi ake sanafunse munthu.
Anam'pendeketsa mutu, nathira madzi,
chigubu chonse, chinanso, mpaka kukhuthula ndowa ya aneba,
kenaka n'kundiitana.
Lero Wedisoni amawerenga manambala a basi za ku Lusaka
zisanafike n'komwe pa siteji.

Za a Fakisoni sindikonda kuzinena.
Mbobo inali ikudzipitira ku chulu chake,
yotuwa ngati phulusa, yaitali kuposa njinga yanga.
Iwo anaitsekera njira ndi khasu.
Inadzuka mpaka m'chiuno mwawo,
niyasamula, m'kamwa bii ngati makala.
Ndinapalasa mpaka tcheni kulira.
Ndinkawafunsa mayina a ng'ombe zawo kuti asagone.
Anatchula zitatu.
Pa mlatho anasiya kuyankha.

Chaka chimenecho ndinapha chilichonse chokwawa.
Ndinapha ndi chakusa yemwe,
wofiirira, wa mizere yoyera m'mbali mwa mutu,
amene ankagona kunsi kwa nkhokwe yanga ya mtedza.
Ndinamupachika pa mpanda, ndikudzitama.
Pofika mwezi wa dzuwa
makoswe anali atandisiyira makoko okhaokha.
Ndinali nditachotsa ntchito mlonda
amene sanandipemphepo malipiro.

Tsopano pakhomo panga pali malamulo ochepa.
Udzu ndimatchetcha mpaka kuseri kwa bafa.
Nkhuni ndi njerwa zimakhala kutali ndi khoma,
ndipo dzanja sililowa pamene diso silinalowe.
Gambutsi timayamba tazigwedeza.
Neti timaipinda kunsi kwa mphasa.
Wotuluka usiku amatenga tochi,
n'kumaponda mwamphamvu, nthaka izimulengeza.
Mu mtengo wa gwafa timayamba tayang'ana
ngati kanthambi kouma kali ndi maso:
nalikukuti sadziwika mpaka atatulutsa lilime lofiira.

Dzulo, mvula itakata,
Tionenji wanga anakuwa pa khonde:
"Atate, njoka ya mitu iwiri!"
Inali nthongo, yonyezimira, yosochera,
yosaona n'komwe amene akuiopa.
Ndinainyamula pa fosholo mpaka ku dimba.
Mwanayo anandifunsa: "Nanga ndikaona ina,
imene simunandiuze dzina?"
Ndinati: ima. Bwerera chafutambuyo. Uitane munthu wamkulu.
Dzina tidzafunsa pambuyo.

M'mawa uno, ndikupopa tayala,
ndaona chikopa chofundula pa mpanda wa nkhokwe,
chopepuka ngati pepala la shuga.
Wina wavula malaya pakhomo panga usiku,
osagogoda.
Ndayang'ana kunsi kwa nkhokwe, chapatali, ndi ndodo yaitali:
mizere iwiri yoyera, diso limodzi likundiyang'ana.
Ndabweza ndodo.
Ndakwera njinga.